Dandaulo kwa kampani imene inatiikira pulogalamu ya pa kauntala m'mashopu athu ku Mangochi

Akuluakulu a kampani, ndalemba poyera chifukwa makalata amene ndakhala ndikutumiza ku ofesi yanu sakuyankhidwa, ndipo ndikudziwa kuti amalonda anzanga ambiri m'boma lino amadalira pulogalamu yanu yomweyi.

Tili ndi mashopu atatu, pa Boma, ku Monkey Bay ndi ku Namwera. Pulogalamu yogulitsira ndi imodzi, koma database imene imasunga sitoko, mitengo ndi ngongole za makasitomala munaika mitundu itatu yosiyana ya SQL Server, pulogalamu ya kampani ya Microsoft: pa Boma SQL Server 2012, ku Namwera 2014, ndipo ku Monkey Bay 2019. Zikuoneka kuti katswiri aliyense amene munkamutuma ankangoika chimene chinali pa flash yake tsiku limenelo.

Kuopsa kwake tinakuona pamene kompyuta ya ku Monkey Bay inapsa magetsi atayaka mwamphamvu. Backup, kope ya zonse zimene zinali mu database, inalipo, ndipo tinathamanga nayo pa Boma kuti tione ngongole za malo ogona alendo amene amatenga katundu kwa ife n'kulipira kumapeto a mwezi, koma kompyuta inaikana, pakuti backup yotengedwa pa SQL Server yatsopano siilowa mu yakale. Ogulitsa anabwerera kolemba malisiti pamanja, ndipo mpaka lero sitoko ya m'kompyuta siikugwirizana ndi katundu amene ali pa shelefu. Katswiri wanu atafika anangoti zimenezi n'zodziwika kale. Ngati n'zodziwika, munatisiyiranji choncho pamene mwezi uliwonse mumalandira ndalama yosamalira makinawa?

Microsoft inasiya kukonza SQL Server 2012 mu Julayi 2022, ndipo 2014 inasiyidwa mu Julayi 2024, kutanthauza kuti mashopu athu awiri akusunga mayina ndi ngongole za anthu pa pulogalamu imene zibowo zake zolowera akuba a pa kompyuta palibe akuzitseka.

Pempho langa ndi lakuti musankhe mtundu umodzi ndipo muuike m'mashopu onse. Ine ndikuona kuti woyenera ndi 2022, umene Microsoft idzausamalira mpaka Januwale 2033. Musatibweretsere 2016, amene nthawi yake ndi Julayi 2026 basi, ndipo ngati mukukonda 2019, amene malire ake ndi Januwale 2030, mutipatse chifukwa chomveka. Ndikudziwa kuti kuyambira 2016 SQL Server imafuna kompyuta ya mtundu watsopano wa 64-bit pamene ya ku Namwera ili pa mtundu wakale wa 32-bit. Imeneyo ndigula ndekha, koma mundilembere zimene ikufunika kukhala nazo ndisanawononge ndalama.

Palinso nkhani ya malo osungira zinthu mu database. Munatiikira SQL Server Express, yaulere ija, imene malire ake ndi 10 GB pa database imodzi ngakhale pa 2022, ndipo ya pa Boma yatsala pang'ono kudzaza. Ikadzaza idzakana kulemba malonda atsopano makasitomala ali pamzere, choncho mutiuze mmene mudzasamutsire malonda a zaka zakale osawataya, popeza a MRA akhoza kuwafuna.

Ntchitoyi muyambire ku Namwera, shopu yaing'ono, titatseka madzulo, ndipo backup ya shopu iliyonse muiyese pa kompyuta ya shopu ina ine ndili pomwepo. Sindivomera kulipira kachiwiri pokonza chisokonezo chimene akatswiri anu anabweretsa. Ndikudikira yankho lolembedwa, lokhala ndi mtundu umene mwasankha komanso tsiku limene mufike.