Agogo Ako Akusungira Ana Ako Mtedza

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino nonse, iwe, apongozi anga ndi adzukulu anga awiriwo. Kuno ku Kuwadzana, mu Harare, tilipo, kungoti bondo la bambo ako layambiranso.

Usadabwe kuti ndikukulembera kalata chonsecho tikukhala mumzinda umodzi. Pafoni umandiyankha uli pachiwongolero kapena uli pamzere m'sitolo, ndipo nkhani iyi si yokamba wina akuthamangira kwina.

Lamulungu lapitali titaweruka kutchalitchi ndinapita ku Mufakose monga mwa nthawi zonse. Ndinawapeza agogo ako ali pakhonde, pamkeka wawo uja, akuswa mtedza. Titalonjerana anandituma kuti ndikatenge chitini chimene chimakhala kunsi kwa bedi. M'menemo munali mtedza wokazinga wothira mchere, womangidwa m'timapepala tiwiri tofanana ndendende, kuti ana ako asadzalimbirane. Pambali pa chitinicho panali botolo losatsegula la chakumwa cha Mazoe, limene malume ako anawagulira pa Isitala. Anamasula kapepala kamodzi, n'kulawa, n'kupukusa mutu. "Uwu wafewa. Udye ndiwe, ndikazinga wina. Kapena abwera Loweruka." Sanakudandaule ngakhale pang'ono, ndipo n'chimene chinandilasa mtima. Pobwerera ndili mu kombi ndinawerenga ndi zala: kuchokera pa Isitala kufika lero ndi miyezi 5.

Ndalama umatumiza, ndipo sindikuzichepetsa. Mankhwala awo a BP sanathepo chaka chino, magetsi umalipira ndiwe, shuga ndi mafuta ophikira sizisowa. Mulungu akudalitse pa zimenezo. Koma uthenga wa EcoCash ukalowa pafoni ya malume ako, agogo ako safunsa kuti ndi zingati. Amafunsa kuti, "Wanena kuti abwera liti?"

Ndifuna ndikuuze za agogo anga ine, amayi awo a agogo akowa. Ndinakuuzapo modumphadumpha, lero umve yonse.

Agogo ako aamuna anachoka ku Dedza mu 1957, nthawi ya Chitaganya, pamene amuna a ku Nyasaland ankakhamukira kuno ku Halale, monga ankatchulira kumudzi. Anayamba pafamu ya fodya, kenako anapeza ntchito mufakitale mu Salisbury, Harare wa lero, ndipo mu 1963 anaitanitsa mkazi wawo. Ine ndinabadwira kuno mu 1966. Za agogo anga ndinkangomva m'makalata, amene ankawalembera mphunzitsi wa pamudzi chifukwa iwo sankadziwa kulemba.

Mu December 1974, ndili ndi zaka 8, tinapita. Tinakwera sitima ku Salisbury, kudutsa Umtali, kukasinthira ku Dondo pafupi ndi Beira, n'kuwoloka Zambezi pamlatho wa Dona Ana, wautali moti ndinaganiza kuti sutha. Amayi anali atandisokera diresi lofika kumapazi, chifukwa m'masiku a Kamuzu mkazi sankavala buluku kapena siketi yaifupi ku Malawi. Kuchokera ku Limbe tinakwera basi mpaka kufupi ndi Linthipe, ndipo kotsalako tinayenda wapansi m'matope, sutikesi ili pamutu.

Mwana wina anathamanga kukawauza kumunda. Ndimawaonabe akubwera, kamunthu kakafupi, kopanda nsapato, khasu atalitaya m'njira, akuimba nthungululu kwinaku akulira. Anagwa pamapazi a amayi. Zaka 11 asanaonane! Kenako anatembenukira kwa ine. Anandigwira kumaso ndi manja onse awiri, manja okhakhala onunkhira utsi ndi dothi lonyowa, n'kundiyang'anitsitsa nthawi yaitali. Ndiye anati, "Mkazi mnzanga, wabwera kudzandilanda mwamuna?" Ine ndi mantha ndinayankha m'Chishona. Asuweni anga anafa nacho chiseko, koma agogo anawakalipira: "Musiyeni. Lilime lake liwongoka ndi nsima ya kuno."

Ndipo linawongokadi. Ndinagona m'nyumba mwawo, kumsana kwawo, pamphasa imodzi. Usiku akati "Padangokhala," ife tonse "Tili tonse," ndipo ine ndinkavomera mokweza kuposa onse ngakhale nthanoyo ndinkaimva theka. M'mamawa ankandidzutsa kuti tikazule bowa, akundionetsa wodyedwa ndi wakupha, n'kundibwerezetsa mayina mpaka nditawagwira. Inali nyengo imene nkhokwe zayamba kupepuka, koma ine ndinkapeza dzira lophika m'kambale kobisidwa kuseri kwa mtsuko. Ndinadzazindikira nditakula kuti mazirawo ndiwo ankagulitsa kuti apeze mchere ndi sopo.

Tinakhala masabata atatu. Tsiku lochoka anatiperekeza mpaka kumsewu. Anamasula mfundo ya pansonga ya chitenje chawo, n'kuthira m'dzanja langa nthanga za maungu. Anati, "Mlendo ndi mame. Ukadzale izi kwanuko, uzikandikumbukira ukamadya nkhwani." Amayi anawalonjeza kuti tibweranso pakatha zaka ziwiri.

Mu March 1976 dziko la Mozambique linatseka malire ake ndi Rhodesia. Ufulu utabwera kuno mu 1980 tinati tsopano njira yatseguka, koma nkhondo ya Renamo inakula, ndipo pamsewu wa ku Tete magalimoto ankayenda mumdipiti moperekezedwa ndi asilikali. Bambo anakana kuti mkazi ndi ana adzere kumeneko. Ya ndege panalibe. Mu 1986 inafika kalata. Pamene tinkaitsegula n'kuti ataikidwa kale mwezi wathunthu. Amayi analira maliro a mayi awo pakhonde lomwelija la ku Mufakose, popanda mtembo, amayi a Chigwirizano atawazungulira akuimba nyimbo. Mtendere unasainidwa ku Rome mu October 1992, ndipo chaka chotsatira tinakwera basi kudzera ku Nyamapanda ndi ku Tete, iwe uli kumsana. Tinakapeza mtumbira womera udzu.

Masabata atatu, mwana wanga. Ndiwo agogo onse amene ndinakhala nawo pamoyo wanga. Nkhwani umene umamera kuseri kwa nyumba ku Mufakose, umene wakhala ukudya wotendera chibadwire, ndi wa nthanga zomwezija. Amayi amasunga mbewu chaka ndi chaka m'kabotolo ka phulusa.

Iwe mwayi wako unali wina. Pamene ine ndinkalawirira kuntchito ku Southerton usiku usanathe, anakusambitsa ndi agogo ako, anakuphikira phala la mgaiwa lothira nsinjiro, anakuperekeza kusukulu atakugwira dzanja. Utadwala chikuku anagona pansi pafupi nawe masiku onse. Mu 2008, m'masitolo mulibe kanthu, ndalama ikutha mphamvu usanafike nayo kumsika, kolera ikusesa anthu ku Budiriro pafupi pomwepa, iwo ankawiritsa madzi onse a m'nyumba pamoto wa nkhuni, ndipo palibe ankaloledwa kugwira nsima asanasambe m'manja ndi phulusa sopo akasowa. Ufa ukachepa ankati akhuta kale. Unali ndi zaka 17, ukuwerengera mayeso pakandulo. Unkaona, ndikudziwa.

Ukukumbukanso tsiku lija unabwera ukulira chifukwa anzako anakutcha mubwidi, dzina lonyoza ife ochokera ku Malawi, n'kunena kuti ulibe kwanu? Inali nthawi imene lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri a ife, obadwira konkuno, tikuwerengedwa ngati alendo. Ine ndinapsa mtima, ndinafuna kupita kusukuluko. Agogo ako anangokukhazika pamkeka n'kuyamba kukutchulira dzina la mudzi, la mfumu, la phiri, la mtsinje, mfunda wa bambo ako ndi wa iwo, amayi awo, amayi a amayi awo, mpaka unaleka kulira n'kuyamba kufunsa mafunso. Lero malamulo a dziko a 2013 amatitenga ngati nzika, ndipo Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka mu Zimbabwe. Ndimayamika. Koma mayina aja sanalembedwe m'buku lililonse. Ali m'mutu mwa mayi mmodzi wa zaka zopitirira 80, ndipo ine ndemwe ena ndayamba kuwasokoneza.

Ndikudziwa zimene unena. Ntchito imakutulutsa mochedwa, petulo wakwera, ana ali ndi maphunziro apadera Loweruka. Ndikudziwanso chimene sunena: kuti ku Mufakose madzi a pampopi amasowa, zonyansa nthawi zina zimasefukira mumsewu, ndipo ukuopa kuti ana angadwale. Mantha amenewo ndi a mayi, sindikuwanyoza. Nyamula madzi akumwa m'zigubu ngati ukufuna, palibe akhumudwe. Koma kuchokera kwanu ku Westgate kufika pakhomo paja sipatha ola, ndipo palibe malire otseka kapena msilikali panjira.

Chimene ndikupempha n'chochepa: Loweruka limodzi pamwezi. Ukafika usaimike galimoto injini ikulira ngati wadzasiya katundu. Tsika, uvale chitenje, ugwade powapatsa moni, ana aone. Foni uisiye m'chikwama. Usabwere ndi zakudya zophikaphika za m'tauni, chifukwa ukatero wawalanda ntchito yokhayo imene yawatsalira, yodyetsa zidzukulutudzi zawo. Bweretsa nkhuku yamoyo kapena usipa, iwo alamule kaphikidwe ali pamkeka, iwe ugwire mthiko. Akayamba nkhani imene anakuuza kale kasanu, imvere kachisanu ndi chimodzi, chifukwa nthawi zina m'kubwerezako mumatuluka dzina limene sanalitchulepo.

Ndipo usamawamasulire ana mawu aliwonse. Pa Isitala ndinakuona: agogo akati chakuti, iwe msangamsanga m'Chingerezi, mwana n'kuyankha iwe m'malo moyankha iwo. Asiye avutikire okha. Wamng'onoyo atasiyidwa nawo kwa theka la ola anatuluka akuti "zikomo" akuwomba m'manja, ndipo agogo ako anakamba za zimenezo mwezi wonse. Tchuthi chikubwerachi uwasiye agone komweko masiku awiri kapena atatu. Akatunge nawo madzi kumjigo, akathyole nkhwani, aphunzire kusadzula. Ine ndidzagona nawo konko ngati zingakukhazike mtima pansi.

Zomwezi uchitenso kwa apongozi ako ku Murehwa. Nawonso ndi agogo a ana amenewa, ndipo sindifuna kuti kuchimuna azidzati mwana wa Achewa anakokera ana kwawo kokha. Ukambirane ndi bambo a ana modekha, mugawe miyezi.

Maso a agogo ako akuchita chifunga, ndipo Lamulungu lija anandiitana ndi dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale, kenako n'kudzikonza okha akuseka. Ine sindinaseke. Sindikukuopseza, akudya bwino ndipo mawu akadali amphamvu. Ndangokuuza zimene ndaona.

Anandiuza kuti chimera chauma ndipo akufuna kuphikira ana ako thobwa, koma safuna kuti lidzasase podikira anthu osabwera. Undiyankhe pofika Lachitatu kuti ndikawauze tsiku lotereka mphika. Moni kwa apongozi anga, ndipo adzukulu angawo uwauze kuti timapepala tawo ta mtedza tilipo tiwiri, wina asadere nkhawa.

Ndine mayi ako.