Madzi athu akuyezedwa kuchokera kumwamba, ife tili duu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani yoyeza madzi ndi masetilaiti, imene ambiri amaiyesa ya azungu okha.

Okutobala akafika, madzi a m'chitsime cha kwathu ku Chibavi amatsika mpaka chingwe kuperewera. Chaka chatha ndinaona amayi akulumikiza chitenje chakale kuchingwe kuti ndowa ikhudze madzi. Tonse timangoganizira: ena akuti mvula inachepa, ena akuti ndi mitengo imene yatha ku Kaning'ina. Chonsecho madziwa alipo amene amawayeza.

Dziko silikoka zinthu mofanana paliponse. Pomwe pali katundu wochuluka, kaya phiri, kaya madzi, limakoka mwamphamvuko pang'ono. Mu 2002 bungwe la ku America loona zamlengalenga la NASA ndi akatswiri a ku Germany anaponya m'mlengalenga masetilaiti awiri otchedwa GRACE, oyenda mondondozana, motalikirana makilomita pafupifupi 220. Yakutsogolo ikamayandikira malo olemera imakokedwa n'kufulumirako, mpata wa pakati pawo n'kukula. Kusinthako n'kochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi, koma makina amakugwira! Akayerekeza mwezi uno ndi wathawu, amadziwa ngati madzi a m'nyanja, m'dothi ndi pansi pa nthaka achuluka kapena achepa. Ntchitoyi inatha mu 2017, ndipo chaka chotsatira anaponya ena awiri, GRACE-FO.

Ndisaname, chitsime changa sangachione. Amaona dera lalikulu, la makilomita mazanamazana. Koma si mmene lilili dera lothira madzi m'nyanja ya Malawi? Nyanja yomweyi inasefukira mu 2024 n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mphepete mwake, ndipo ndi yomweyi imene imadyetsa Shire wopukusa magetsi ku Nkula.

Chimene chimandiwawa n'chakuti zotsatira za kafukufukuyu zili pa intaneti, zaulere. Ndaphunzitsa sayansi zaka zambiri, ndipo ana anga ankaloweza 9.8, nambala yosonyeza mmene dziko limakokera zinthu, osadziwa kuti nambalayi imasintha pang'ono malinga ndi pomwe waima, kapena kuti kusintha kwake mwezi ndi mwezi kungauze boma za chilala chisanafike pakhomo.

Ndikupempha ophunzira athu a ku Mzuni, makamaka a za madzi ndi nthaka, azitenge zimenezi azifananize ndi mijigo ya ku Mzimba, Rumphi ndi Karonga. Nanunso a Mkonzi, tipatseniko tsamba limodzi pamwezi lofotokoza zoterezi m'Chichewa, kuti amayi a chitenje aja aziwerengenso.

Mphunzitsi wopuma ntchito,
Chibavi, Mzuzu