Chiwaya chimafuna zida zake

A Mkonzi,

Ambiri ogulitsa nyama ndi tchipisi pachiwaya amagwiritsa mpeni umodzi podula, potembenuza ndi popala. N'chifukwa chake nyama imamatirira n'kumawawa mwaye.

Pamafunika chopalira chachitsulo chakuthwa bwino, zotembenuzira ziwiri za chogwirira chamtengo, ndi zopanira ziwiri: china cha nyama yaiwisi, china cha yopsa. Mafuta akhale m'botolo loboola pachitsekerero kuti azituluka pang'onopang'ono.

Chiwaya chatsopano chiyambe chapakidwa mafuta ochepa n'kutenthedwa mpaka utsi utasiya, katatu kapena kanayi, kufikira chitada. Chitsulo cha chiwayacho chikhale chokhuthala mamilimita 4 kapena kuposa, chifukwa chopyapyala chimapindika, makamaka mukachithira madzi ozizira chili chamoto. Malata ndi migolo ya mankhwala ayi ndithu, zimatulutsa poizoni zikatentha. Mukaweruka, palani chiwayacho chikadali chofunda, pukutani, pakaninso mafuta poopa dzimbiri.

Wowerenga,
Zomba