Tithandizeni kujambula mapu a mudzi wathu mvula isanayambe

Abale ndi alongo, makamaka inu a kwathu kuno amene muli m'tauni ya Zomba kapena kutali, amene tikugogoda ndife komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Tili kwa Mfumu Yaikulu Mwambo, kumunsi komwe Likangala amakathira m'nyanja ya Chilwa.

Namondwe Freddy atafika m'mwezi wa Malichi 2023, madzi anatipeza tili mtulo. Patapita masiku kunabwera anthu odzathandiza, ndipo anatifunsa zinthu zosavuta: mijigo yomwe yamira ili pati, nyumba zagwa mbali iti, njira yopita kusukulu komwe anthu athawira ikudutsa kuti. Ife tinkangoloza ndi dzanja, "kuseri kwa mango aja", "mukapitirira manda akale". Mlendo wobwera pa galimoto mangowo sawadziwa. Afumu anatola kamtengo n'kuyamba kulemba pansi, koma mvula inafufuta tisanamalize n'komwe.

Chotiwawa n'chakuti chaka china kunabwera gulu lina ndi zida zawo zojambulira mapu. Tinawaperekeza mudzi wonse, khomo ndi khomo, dzuwa lili pamutu. Atanyamuka, basi. Mapuwo sitinawaone mpaka lero.

Ndiye mwana wathu wina amene akuphunzira pa University of Malawi anabwera patchuthi ndi laputopu yobwereka, natiwonetsa pulogalamu ya pakompyuta yojambulira mapu yotchedwa QGIS. Inayamba mu 2002 ndipo ndi yaulere, palibe laisensi yolipira chaka ndi chaka, chifukwa amaikonza ndi anthu ongodzipereka a m'mayiko osiyanasiyana. Anatsegulanso OpenStreetMap, mapu a dziko lonse omwe anayamba mu 2004, momwe aliyense amatha kuwonjezera zomwe akudziwa za kwawo. Msewu wa ku Jali ndi ku Kachulu tinauona. Koma mijigo yathu, kanjira kathu kodutsa pamtunda, kulibe. Agogo ena anayandikira pafupi n'kufunsa kuti, "Nanga ife sitili padziko?"

Zomwe tikufuna si zapatali. Pali pulogalamu ina ya pafoni, QField, yomwe imayenda limodzi ndi QGIS ndipo imagwira ntchito ngakhale netiweki itathawa. Munthu amaima pamjigo, n'kudina, malowo asungidwa. Tikufuna kulemba pomwe madzi anafika mu 2019, pomwe anafika nthawi ya namondwe Ana mu 2022, ndi pomwe anafika Freddy, kuti mizere itatuyo tiisanjike pamodzi tione nyumba zomwe zimamira nthawi zonse. Akuluakulu athu amakumbukiranso mmene Chilwa inaphwera mu 1995, anthu n'kutsatira nyanja kukalima ndi kumanga zisakasa, madzi n'kudzabwerera. Zimenezi zili m'mitu mwawo basi, ndipo akuluakuluwo akutha.

Tikupempha laputopu imodzi, ngakhale yakale, bola iyake. Mafoni awiri a Android okhala ndi GPS, ndi sola yaing'ono yotchajira, poti magetsi kuno kulibe. Koma choposa zonse ndi munthu. Ngati mumaidziwa QGIS, kaya ndinu wophunzira, mphunzitsi, kapena mumagwira ntchito yoyeza malo, tipatseni ma Loweruka awiri kapena atatu mudzaphunzitse anyamata ndi atsikana athu amene analemba MSCE koma angokhala. Pomaliza tidzafuna kusindikiza mapuwo papepala lalikulu, lina likakhale kwa afumu, lina kusukulu, lina tikapereke ku khonsolo.

Ndalama yokulipirani tilibe, tisakunamizeni. Malo ogona alipo, mpunga wa kudambo ulipo, matemba a m'Chilwa sasowa. Amene mwakhudzidwa, uzani a komiti ya chitukuko ya ADC kwa Mwambo, adzakulumikizani nafe. Chonde mubwere Novembala asanafike, chifukwa mvula ikangoyamba, njira yakuno ngakhale kabaza amakana.