Lipoti la ulendo wa ku Lilongwe: mbaula yathu anaiika pasikelo

A Tcheyamani, a Msungichuma, amayi ndi abambo nonse a gulu lathu loumba mbaula kuno ku Balaka, ndakulonjerani. Ndabwerako ku Lilongwe kumene munandituma, ndipo ndayenda bwino. Ndaona kuti ndilembe lipotili tisanakumane Loweruka, kuti aliyense abwere atalisinkhasinkha kale, chifukwa muli nkhani ina imene ikhudza mmene timagwirira ntchito yathu.

Maphunziro a za mbaula amene munanditumako anali a masiku atatu. Kunali anzathu oumba mbaula ochokera m'maboma osiyanasiyana, alangizi a zankhalango, aphunzitsi ndi ophunzira a m'mayunivesite, a mabungwe, komanso anyamata opanga mbaula zachitsulo za makala. Tsiku loyamba linatha ndi malankhulidwe. Anatikumbutsa za kalembera wa 2018, amene anapeza kuti mwa mabanja 100 aliwonse m'Malawi muno, pafupifupi 77 amaphikira nkhuni, 18 makala, ndipo ophikira magetsi ndi awiri okha. Anatikumbutsanso kuti mu 2013, nthawi ya Mayi Joyce Banda, boma linalonjeza kuti pofika 2020 mbaula zosamala nkhuni zokwana 2 miliyoni zidzakhala zitafika kwa anthu, ndipo chiwerengerocho chinakwana. Tinaomba m'manja, ndipo inenso mtima unadzaza pokumbukira kuti zina mwa mbaulazo zinatuluka mu uvuni wathu. Koma m'manja mutangoleka kulira, mlangizi wina wachikulire anaimirira n'kufunsa kuti mwa mbaula zonsezo, ndi zingati zimene zayaka moto m'mawa wa tsiku limenelo. M'chipinda monse munangoti zii.

Funso limenelo ndi limene ndabwera nalo kuno. Ife tili ndi buku la mbaula zimene taumba, zimene zasweka mu uvuni ndi zimene tagulitsa. Tilibe ngakhale tsamba limodzi lonena zimene zimachitika mbaula ikalowa m'khitchini mwa munthu.

Tsiku lachiwiri tinatuluka panja, ndipo apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa. Munandipatsa chitetezo mbaula imodzi, mbaula yadothi yosamala nkhuni imene timaumba, yoti ndikaonetse, ija tinasankha tonse kuti ndi yokongola kuposa zinzake. Ndinainyamula pamiyendo mu minibasi kuyambira pa Balaka, kudutsa Ntcheu ndi Dedza, nditaikulunga m'chitenje, ndipo inafika yamphumphu. Mphunzitsi wathu, mtsikana wamng'ono kwa ine koma wodziwa ntchito yake, anayamba ndi kuigogoda ndi chala. Inalira bwino, kusonyeza kuti inapsa ndipo ilibe mng'alu wobisika. Anayamikira dothi lathu ndi kasalazidwe kake. Kenako anatulutsa tepi yopimira. Anayeza khomo lolowera nkhuni, anayeza kuya kwa mbaula, n'kuikapo poto ndi kugwada pansi kusuzumira mpata wa pakati pa poto ndi mlomo wa mbaula. Anandiitana kuti ndigwade naye ndione ndekha. Khomo lathu ndi lalikulu kuposa muyezo, ndipo timafuwa tathu titatu tija pokhala poto tatalika kwambiri.

Ndikudziwa kumene zimenezi zinachokera, ndipo inunso mukudziwa. Ogula ankadandaula kuti zikuni zikuluzikulu sizilowa, ndiye tinayamba kukulitsa khomo ndi mpeni pang'onopang'ono. Chikombole chathu nachonso chinatha m'mbali, ndipo timafuwa timangoumba ndi maso. Palibe anachita dala. Koma khomo likakula, mphepo yozizira imalowa yambiri ndipo wophika amalongamo nkhuni zopitirira. Poto akakhala patali, malawi amathawira m'mbali osanyambita tako la poto. Mbaula ikuoneka ngati chitetezo, koma kadyedwe kake ka nkhuni kayandikira ka pa mafuwa.

Sanangotiuza pakamwa ayi. Anaika moto utatu pamzere: mafuwa, mbaula yathu, ndi mbaula ina youmbidwa pa muyezo weniweni. Aliyense anapatsidwa mtolo wa nkhuni zouma za mtengo umodzimodzi, woyezedwa pa sikelo yokoloweka ngati ija timayezera nandolo. Madzi ofanana, ufa wofanana, mapoto ofanana. Tinaphika nsima ndi ndiwo zamasamba, wina ali ndi wotchi m'manja. Titapakula, nkhuni zotsala anaziyezanso, ndi makala omwe otsala m'phulusa anawakokolola n'kuwayeza. Mbaula yathu inaposa mafuwa, koma inatsalira kwa inzake ija moonekeratu: mtolo wanga wotsala unali wochepa, ndipo utsi unkandilowa m'maso ine pamene mnzanga wa pambali ankavundula nsima yake bwinobwino. Zinandiwawa, sindibisa. Koma wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo bola kumva zimenezi kwa mphunzitsi kusiyana ndi kudzazimva kwa wogula atabwerera ku mafuwa.

Chitetezo mbaula youmbidwa bwino, wophika akamaigwiritsa ntchito moyenera, imapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nkhuni. Ndiye kuti mayi amene amapita kokatola nkhuni katatu akhoza kupita kawiri. Phindu limenelo ndi limene timagulitsa, ndipo likatayika pa khomo ndi pa timafuwa, ndiye kuti tamugulitsa munthu dothi lootcha basi.

Madzulo a tsiku lomwelo anatifotokozera za kafukufuku wina wamkulu amene anachitika kuno kwathu, ku Chikwawa ndi ku Chilumba m'boma la Karonga, motsogozedwa ndi a Liverpool School of Tropical Medicine pamodzi ndi madokotala a kuno. Anatsatira ana oposa 10,000 osakwana zaka zisanu m'midzi 150 kwa zaka ziwiri. Theka la midziyo analandira mbaula zodula zachitsulo, zokhala ndi fani yokupiza moto yoyendera batire ya sola, zimene poyesedwa m'chipinda cha akatswiri zimatulutsa utsi wochepa zedi. Aliyense ankayembekezera kuti chibayo chichepa mwa anawo. Zotsatira zitatuluka kumapeto kwa 2016, chibayo chinali chimodzimodzi mbali zonse ziwiri. Chimene chinachepa ndi kupsa kwa ana ndi moto. Mbaulazo zinkawonongeka kawirikawiri n'kumafuna kukonzedwa, mabanja ambiri ankaphikabe pa mafuwa pambali pake, ndipo mwana amapumanso utsi wina wa zinyalala zootcha ndi wa kwa aneba.

Nkhani imeneyi inandikhudza pawiri. Choyamba, ngati mbaula ya fani sinachepetse chibayo, ife tisiye kuuza anthu pamsika kuti chitetezo imathetsa matenda a chifuwa. Ndamvapo ena mwa ife akutero, ndipo inenso ndinanenapo. Tinene zimene tingaziimirire: imadya nkhuni zochepa, imasunga moto kumphepo, imanyamulika kupita nayo pakhonde kumene utsi umamwazika, imayaka ndi mapesi a nandolo ndi zisononkho, ndipo mwana wokwawa sagwera pamoto mosavuta. Zimenezi n'zokwanira kugulitsa mbaula. Chachiwiri, ndinaona kuti ngakhale akatswiri aakulu anadziwa zoona pokhapokha atapita m'makhitchini kukaona. Kafukufuku ndinkamuyesa ntchito ya anthu a makompyuta okhaokha, koma umene anatiphunzitsa tsiku lachitatu tingauchite tokha. Umafika pakhomo, n'kuyeza nkhuni zimene banja lakonza kuti liphikire, n'kulemba kuti pakhomopo adya anthu angati. Mawa lake nthawi yomweyo ubweranso kudzayeza zotsala. Utero masiku atatu kapena anayi akuphikira pa mafuwa, kenako masiku enanso otero akuphikira pa mbaula. Zofunika ndi sikelo, chingwe, kope ndi kudekha.

Anatsindikanso za kaphikidwe, ndipo apa amayi tinakangana mokoma. Nkhuni ziziuma bwino ndi kuwazidwa zing'onozing'ono, ziwiri kapena zitatu zokha pakhomo la mbaula. Poto azivindikiridwa. Nyemba ziziviikidwa usiku. Mayi wina wa kumpoto anatsutsa kuti nyemba zoviika sizikoma msuzi, ndipo ambiri anamuvomereza, koma ndinaona ndekha kuti zoviikazo zinapsa zinzake zikadali gwa. Anationetsanso dengu loyalidwa nsanza ndi masamba a nthochi ouma: mpunga ukawira pang'ono, poto umalowetsedwa m'menemo n'kuvindikira, ndipo umapsa wokha popanda moto. Ndinalawa, unali wakupsa. Ndikuganiza kuti wogula aliyense tizimuuza zimenezi pomupatsa mbaula, chifukwa mbaula yabwino pa nkhuni zaziwisi imafukabe.

Za magetsi anakambanso, koma ndidutsapo msanga. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo mapiri akayera, dothi lokokoloka limakadzaza m'madamu momwemo. Mukukumbukira mmene namondwe Ana anawonongera Kapichira mu Januwale 2022, mdima n'kukhala wa tsiku ndi tsiku. Magetsi akazima, a m'tauni amathamangira makala, ndipo makalawo ndi mitengo ya m'midzi. Ndinawaona ndi maso anga m'bandakucha anyamata akukankha njinga zosanjikiza matumba kulowa mu mzinda, ndipo a kumeneko anati ambiri amachokera cha ku Dzalanyama, nkhalango imene imapatsa Lilongwe madzi akumwa.

Pali ziwiri zimene sizinandisangalatse, ndipo ndinazinena pamaso pa onse m'dzina lanu. Maphunziro ambiri a m'chipinda anali m'Chingerezi, ndipo amayi oumba, amene ndi eniake a ntchitoyi, anapatsidwa mpata wolankhula tsiku lomaliza dzuwa litapendeka. Ndinapempha kuti ulendo wina zotsatira za kafukufuku zizibwera m'Chichewa ndi m'zilankhulo zina za kuno, papepala loti munthu n'kupita nalo kumudzi. Chachiwiri ndi nkhani ya mbaula zaulere. Ndinafotokoza zimene zinatichitikira chaka chatha, bungwe lina litagawa mbaula m'midzi itatu imene timagulitsako popanda kutifunsa, ife n'kutsala ndi uvuni wodzaza. Zina mwa mbaula zogawidwazo ndinaziona zikuikiramo nkhuku, chifukwa palibe anabwerera kukaphunzitsa anthu kaphikidwe kake. Anzathu a m'maboma ena anati zomwezo zinawagwera. A mabungwe analemba m'makope awo, koma yankho lomveka sindinalilandire, choncho nkhaniyi tikaitulenso kwa a mfumu ndi ku komiti ya chitukuko ya m'dera lathu.

Tsopano zimene ndikupempha gulu. Tisaumbenso mbaula ina ndi chikombole chakale chija. Ndabwera ndi pepala la miyezo yonse, ndiponso kathabwa kodulira khomo ndi kena koyezera timafuwa, zimene anatigawira. Mmisiri wa matabwa wa pamsika akhoza kutikonzera chikombole chatsopano potsatira pepalalo, ndipo ndalama yake tikambirane ngati ingachoke m'thumba la banki m'khonde. Dothi tibwerere kolivunditsa milungu iwiri yathunthu monga tinkachitira poyamba, chifukwa masiku ano oda ikachuluka timafupikitsa, ndipo ming'alu yambiri ikuchokera pamenepo. Wogula akadandaula za khomo, timuonetse kawazidwe ka nkhuni, mpeni tiusiye.

Ndikupemphanso kuti tisankhe makomo khumi mwa amene anagula kwa ife chaka chatha, tiwayendere awiriawiri. Tikaone ngati mbaula ilipo, ngati ili ndi mwaye watsopano kapena yangokhala kuseri kwa nkhokwe, ndipo ngati anaisiya, atiuze chifukwa chake popanda ife kudziteteza. Pa makomo atatu amene angavomere, tiyeze nkhuni monga ndafotokozera. Ine ndaphunzira kalembedwe kake ndipo ndiphunzitsa atsikana athu awiri aja a Fomu 4 kuti azigwira kope. Mphunzitsi uja anati tikamutumizira manambala athu pa foni adzatithandiza kuwawerengera.

Malisiti a ulendo ndapereka kwa a Msungichuma pamodzi ndi chenji chotsala. Loweruka tikumane pa uvuni 8 koloko m'mawa. A Tcheyamani, chonde mubwereke sikelo ya nandolo ija, ndipo mayi aliyense abwere ndi mbaula imene akuphikira kunyumba kwake, ngakhale ikhale yakuda kapena yobenthuka, tidzaiyeze ndi tepi imodzi ndi imodzi.