Dothi la mtsinje wa Lilongwe limakathera kuti?

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo za matope. Tsiku lina mvula itangokata ndinaima pa mlatho wa Lilongwe pafupi ndi msika uja, madzi ali psuu ngati thobwa la mawere, mwana wanga nkundifunsa kuti ababa dothi lonseli likupita kuti?

Limatsikira mu Linthipe mpaka kunyanja ku Salima. Mchenga poti ngolemera umagona msanga chakugombe, koma matope osalala aja amayandama nthawi yaitali mpaka kukakhazikika pakuya penipeni pang'onopang'ono chaka ndi chaka, paja nyanja yathu malo ena ndi yakuya mamita pafupifupi 700. Kunyanja zikuluzikulu zamchere ndiye nkhani ina, matope akaunjikana kwambiri m'mphepete amagumuka nkuthamanga pansi pa madzi ngati napolo. Mu Januwale 2020 matope otere ochokera ku mtsinje wa Congo anayenda makilomita oposa 1,000 pansi pa nyanja ya Atlantic mpaka kudula mawaya a intaneti! Akaima mchenga umayamba kugona, matope pamwamba, kenako ena abwerenso, pakapita zaka mamiliyoni zonsezo zasanduka miyala.

Chomwe chimandikhudza kwambiri ine nchakuti mu 2005 asayansi anabowola pansi pa nyanja ya Malawi, ndipo matopewo anaonetsa kuti zaka zoposa 100,000 zapitazo kunagwa chilala choopsa moti nyanja inaphwa kwambiri. Chonde akonzi muzitilemberako nkhani zoterezi m'Chichewa, ana athuwa akufunsa.

Wowerenga wanu,
Kawale, Lilongwe