Lipoti la nthumwi ya komiti ya chitukuko pa msonkhano wokambirana za mileme ya m'nyumba ndi matenda

A Gulupu, mafumu onse, a Wapampando ndi mamembala a komiti yathu, ndikupereka lipoti la msonkhano umene munandituma ku boma la Thyolo sabata yatha, kumene kunasonkhana alangizi a zaumoyo, alangizi a ziweto, aphunzitsi akuluakulu ndi nthumwi za makomiti ochokera mbali za Bvumbwe, Luchenza, Makwasa ndi Thekerani. Mukukumbukira kuti munandipatsa funso limodzi lokha, lakuti ndikafunse dzina la mankhwala amene tingagule ndi ndalama zimene tinasonkha, kuti tipopere mileme imene yadzaza m'siling'i ya nyumba za aphunzitsi, m'tchalitchi ndi m'kanyumba kathu ka sikelo ya ana. Funsolo ndinalifunsa monga munandiuzira, koma dzina la mankhwala sindinabwere nalo, ndipo ndikupempha kuti mundimvetsere mpaka kumapeto musananene kuti ndinakangodya nsima ya msonkhano.

Choyamba chimene tinaphunzira n'chakuti mileme si yamtundu umodzi. M'dziko lathu lino muli mitundu yoposa 60, ndipo imene ikutisowetsa tulo ndi ing'onoing'ono ija yokhala ndi kamchira kotulukira kumbuyo, imene imadya tizilombo touluka usiku ndipo imakonda kutentha kwa pansi pa malata. Ikuluikulu imene imalira m'mitengo ya mango, magwafa ndi m'nthochi ndi ina, imadya zipatso ndi timadzi ta m'maluwa, ndipo kawirikawiri silowa m'siling'i. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika chifukwa nkhani zoopsa zimene timamva pa wailesi zimakhudza kwambiri mtundu wina wa mileme yodya zipatso umene umagona m'mapanga ndi m'migodi. Matenda a Marburg, amene anadziwika koyamba mu 1967 mu mzinda wa dzina lomwelo ku Germany, kachilombo kake kamasungidwa ndi mileme ya m'mapanga imeneyi. Matendawa anabuka m'chigawo cha Kagera ku Tanzania mu 2023 ndiponso mu 2025, komanso ku Rwanda mu 2024. Choncho chenjezo la Marburg likupita kwa anyamata amene amalowa m'mapanga a m'mapiri kukasaka kapena kukatola zitosi za manyowa, osati kwa mphunzitsi amene akugona pansi pa siling'i.

Nthawi yaitali tinathera pa chiwewe, chifukwa ndicho chimene ambiri tinapita nacho m'mitima. Mlangizi wa ziweto ananena mosabisa kuti mileme ya kuno ku Africa ikhoza kukhala ndi tizilombo tapachibale ndi kachilombo ka chiwewe, ndipo anapereka chitsanzo cha kachilombo kotchedwa Duvenhage, kamene kanapezeka mu 1970 ku South Africa mwa munthu amene anamwalira atalumidwa ndi mleme. Koma anatsindika kuti zimenezi zachitika mwa apo ndi apo kwambiri, ndipo n'kale lomwe akatswiri anaona kuti mwa anthu 100 alionse amene amadwala chiwewe pa dziko lonse, mpaka 99 amachitenga kwa agalu. Apa ndinachita manyazi pang'ono, chifukwa ife tasonkha ndalama zolimbana ndi mileme pamene agalu ambiri a m'mudzi muno, kuphatikizapo wanga, papita nthawi asanabayidwe katemera. Anatikumbutsa za ntchito imene bungwe la Mission Rabies linayamba ku Blantyre mu 2015, yobaya agalu khomo ndi khomo, ndipo anati matendawa amaleka kufalikira ngati agalu 70 mwa 100 alionse a m'dera abayidwa chaka ndi chaka.

Mleme suthamangitsa munthu kuti umulume. Umaluma ukagwidwa m'manja, ndipo umene wagwa pansi masana n'kumakwawa nthawi zambiri umakhala wodwala kapena wovulala, ndiye umenewo ndi umene ana athu amautola n'kuumanga ulusi kuti azisewera nawo. Mano ake ndi aang'ono kwambiri moti bala lake likhoza kuoneka ngati pobayidwa ndi kaminga, ndipo mwana akhoza kubisa poopa kukalipiridwa. Malangizo ndi akuti aliyense amene walumidwa kapena kukandidwa ndi mleme atsuke pabalapo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo kukanena kuti ndi mleme umene wamuluma, kuti akalandire katemera wa chiwewe ndi kumaliza jakisoni onse amene auzidwe. Kudikira kuti tione ngati adwale n'kutaya moyo, pakuti zizindikiro za chiwewe zikayamba kuoneka, munthu sapulumuka. Kuthira phulusa, tsabola kapena mankhwala a zitsamba pabala sikuchotsa kachilomboko. Mleme wakugwa pansi uvundikiridwe ndi chitini kapena utoledwe ndi fosholo ndi munthu wamkulu wovala magolovesi ochindikala, ndipo amphaka ndi agalu asaloledwe kuudya.

Nkhani imene inandidzidzimutsa kwambiri, ndipo ndikuona kuti ndi imene ikutikhudza ife tsiku ndi tsiku, ndi ya zitosi. Zitosi za mileme zikaunjikana kwa zaka m'siling'i kapena pansi, mumatha kumera chuku chosaoneka ndi maso chimene chimayambitsa matenda a m'mapapo otchedwa histoplasmosis. Munthu amawatenga popuma fumbi la zitosi zoumazo, ndipo ambiri athupi lamphamvu samva kanthu kapena amangodwala ngati chimfine n'kuchira okha. Koma kwa ana aang'ono, okalamba ndi anzathu amene chitetezo cha m'thupi chinatsika chifukwa cha HIV, matendawa amatha kukula, ndipo chovuta n'chakuti amafanana ndi chifuwa chachikulu: kutsokomola, kutentha thupi, kutuluka thukuta usiku ndi kuwonda. Nditamva izi ndinakumbukira kuti m'mawa uliwonse ana a sukulu amasesa zitosi zouma ndi tsache pakhonde la nyumba za aphunzitsi, fumbi lili kobo, ndiponso kuti amayi a chigwirizano amachita chimodzimodzi m'tchalitchi Loweruka lililonse. Izi ziyenera kusintha lero lomwe, ndipo sizifuna ndalama. Zitosi ziziwazidwa madzi kaye kuti zinyowe, wosesa avale masiki, azizikokolola ndi fosholo n'kukazikwirira, ndipo ntchitoyi asapatsidwe mwana, mayi woyembekezera kapena munthu amene akudwaladwala. Madzi akumwa ndi zakudya zizikhala zovundikira m'nyumba zonse zimene zitosi zimagwa kuchokera kudenga.

Za zipatso zolumidwa ndi mileme sitinatayepo nthawi. Mango kapena gwafa lobooledwa litayidwe, ndipo zipatso zotola pansi zizitsukidwa.

Tsopano ndifike pa funso lanu la mankhwala. Onse amene anayankha anakana, ndipo zifukwa zawo ndinaziona kuti n'zomveka. Mankhwala opopera m'siling'i amatsikira m'chipinda chimene anthu akugona, ndipo kwa ife ndi m'chipinda chimene timayezeramo makanda. Mileme yomwa poizoni siifa nthawi imodzi, imagwa pabwalo ili moyo, ndiye kuti tachulukitsa mileme imene ana ndi amphaka angagwire, chinthu chenicheni chimene tikuthawa. Imene yafera m'kati imaola n'kubweretsa fungo loposa limene tikudandaula nalo. Ndipo chachikulu n'chakuti mipata imene inalowera imakhala ilipobe, kotero pakapita miyezi yochepa ina imabwera kudzakhala m'malo omwewo. Nthumwi ina inafotokoza kuti kwawo anayesa kufukiza utsi wa matayala ndi tsabola, ndipo chimene anapeza ndi denga lakuda, mtanda umodzi wopserera, ndi mileme yobwerera sabata isanathe.

Njira imene anatiphunzitsa ndi yoitsekera kunja. Anthu angapo aime kuzungulira nyumba dzuwa likamalowa, kwa masiku awiri kapena atatu, n'kuonetsetsa malo onse amene mileme ikutulukira, pakuti imakwana pa mpata wolowa chala chimodzi chokha, makamaka pamene malata akumana ndi khoma ndi pamsonga pa denga. Mipata ina yonse itsekedwe ndi simenti, matabwa kapena waya wa sefa, kusiya waukulu umene ikudalira. Pamenepo pakhomedwe neti kapena pulasitiki yochindikala, yomangidwa pamwamba ndi m'mbali koma yolendewera pansi, kuti mleme uzitha kutsetsereka potuluka koma usapeze polowera pobwerera. Pakatha sabata, usiku ukadutsa popanda wotuluka, mpata womalizawo utsekedwe, kenako zitosi zichotsedwe mwa njira ndanena ija. Anati m'nyumba zatsopano ndi bwino kuikapo malata angapo oonekera kuti m'denga muziwala, chifukwa mileme imafuna mdima.

Nthawi yochitira ntchitoyi ndi yofunika ngati ntchito yomweyo. Mileme yambiri imabereka mvula ikamayamba, cha mu Novembala ndi Disembala, ndipo ina imapitiriza m'dzinja lonse. Ana ake sauluka, amatsala m'denga amayi awo akapita kukadya, ndiye tikatseka nthawi imeneyo anawo amafera m'kati ndipo amayiwo amalowa m'zipinda pofunafuna njira. Miyezi yozizira, kuyambira Juni mpaka Ogasiti, ndiyo yabwino.

Panali mtsutso umene ndiyenera kuunena, chifukwa ndikudziwa kuti ubukanso pano. Mkulu wina anaimirira n'kunena kuti kwawo mleme wolowa m'nyumba usiku amautenga ngati wotumidwa, ndipo anthu sangamve zoti usaphedwe. Mlangizi sanamuseke. Anangofunsa ngati nyale inali yoyaka ndi zenera lotsekula, popeza mleme umatsatira tizilombo tobwera ku kuwala, ndipo anati ukalowa, tizimitse nyale, titsekule zitseko ndi mazenera, titulutse ana, udzatuluka wokha. Ine ndinaonjezapo kuti kuopsa kwa chikhulupiriro chimenechi n'kwakuti chimathera pa kuloza chala agogo ena osalakwa, ndipo a Gulupu mukudziwa milandu yotere mmene imavutira pabwalo. Mlimi wina wa makadamiya anatithandiza pofotokoza kuti mileme ing'onoing'onoyi imadya tizilombo toboola mtedzawo, udzudzu, ndi agulugufe a usiku amene amaikira mazira oswa mbozi za m'chimanga, ndipo ikuluikulu ija imamwaza mbewu za mitengo ndi kubereketsa maluwa a mlambe. Sindikunena kuti tiziikonda, fungo lake ndikulidziwa, koma kumunda ikutigwirira ganyu wosalipidwa, ndipo malo ake ndi kunja kwa denga lathu.

Choncho ndikupempha komiti kuti isinthe chigamulo chake cha mwezi watha. Ndalama zimene tinasonkha zigule simenti, waya wa sefa, misomali, masiki ndi magolovesi, ndipo tiyambire pa kanyumba ka sikelo, kumene siling'i yafufuma kale ndi mkodzo wa mileme moti ikhoza kugwera anthu. A hedi auzidwe mawa kuti ana aleke kusesa zitosi ndi kugenda mileme ndi malegeni, ndipo mlangizi wathu wa zaumoyo apatsidwe mpata pa msonkhano wa makolo kuti afotokoze za kutsuka bala. Ndikupemphanso mafumu kuti alembe makomo onse oweta agalu, kuti tikaitane mlangizi wa ziweto adzabaye tisanafike pa 28 Sepitembala, tsiku lokumbukira matenda a chiwewe pa dziko lonse. Chimene sindinathe kumaliza ndi nkhani ya mmisiri, chifukwa denga la tchalitchi ndi lalitali ndipo makwerero athu safika, kotero a Wapampando aike nkhaniyi pa mndandanda wa zokambirana za Lachisanu, pamodzi ndi mayina a anthu amene adzaime madzulo kuwerenga mipata.